Maluwa pa Eyiti wa Darina

Chikho cha Mgodi chinayamba ine ndili namwali, miyendo yanga ikadali yoti mnyamata n'kugwera nayo m'ngalande. Nthawi imeneyo kunalibe denga, kunalibe ndi mipando yomwe. Ana ankaterereka padamu la kuseri kwa mgodi madzi akaundana, ndipo akuluakulu a tawuni yathu ya Rudnica anaganiza zoitana ana a ku Poland ndi a ku Hungary kuti adzapikisane ndi athu. Anabwera pasitima atakoleka nsapato zawo zamipeni m'khosi, anatigonjetsa, anadya masoseji athu n'kubwerera kwawo. Chaka chotsatira anatengana ndi anzawo a ku Germany, nawonso anatigonjetsa. Kenako a ku Russia anamva kuti ku Rudnica kuli anthu aulemu amene amapereka chikho kwa mlendo aliyense, nawo anayamba kubwera. Boma linatimangira bwalo la denga, ine anandilemba ntchito yosunga majasi ndi kugulitsa tiyi pakhomo, ndipo zaka zonsezo chikho chathu sichinagonepo m'nyumba ya mwana wa kuno.

Darina ndi mwana wa mlongo wanga Vendo. Mayi ake anamwalira iye atangosiya bere. Vendo, poti anali wa mumgodi, wolowa kwada n'kutuluka kwacha, anandibweretsera khandalo atalikulunga m'bulangete ngati buledi. Ine ndinalibe wanga mwana. Mwamuna ndinali naye, koma anapita kukagula fodya ku Ostrava ndipo mpaka lero akusankhabe. Ndiye Darina anakulira kuntchito kwanga, akugona pansi pa majasi a anthu. Tsiku lina mayi Matulova, mphunzitsi wa ana oterereka, anatopa ndi kamwana kamene kankangowasuzumira pakampanda ka matabwa kozungulira ayezi. Anakaveka nsapato zimene mwana wina anasiya n'kukakankhira pakati. Sikanagwe. Kuyambira pamenepo mwanayo ndinkangomuona pa nthawi ya chakudya.

Masiku amenewo mpikisano unali ndi mbali ziwiri. Ina ndi ya nyimbo ija, ya madiresi owala, ya kudumpha ndi kuzungulira ngati nguli, anthu atadzaza mipando. Inayo inkachitika m'mawa, popanda nyimbo, popanda oonerera. Mwana aliyense ankamupatsa malo ake pa ayezi woyera, wosapondedwa, ndipo ankajambulapo nambala eyiti ndi mpeni wa nsapato ataima ndi mwendo umodzi. Akamaliza ankabwereza pomwepo, n'kubwerezanso, ndipo mizere itatuyo inkayenera kugonerana mpaka kuoneka ngati umodzi. Mwanayo akachokapo majaji ankayandikira ndi jombo zawo zaubweya, n'kuwerama, ena kugwada, matako ali m'mwamba ngati nkhuku zikufukula mphutsi, kufufuza pamene mpeni unanjenjemera. Ine ndinkawaonera kumbuyo, ndipo ndikanatha kukuuzani jaji wa dziko lililonse osamuona nkhope.

Darina anabadwira maeyiti amenewo. Ana ena ankawada, ankalira akamawadzutsira m'mawa, koma iye ankaterereka pang'onopang'ono maso ali pansi, ngati munthu akusoka diresi la ukwati. Podumpha ndi pamene zinkavuta. Ndinkamuuza pamaso kuti amanyamuka ngati thumba la mbatata, iye n'kundifunsa kuti thumbalo analidzaza ndani. Choncho chaka ndi chaka m'mawa ankakhala patsogolo, madzulo n'kumabwerera m'mbuyo. Koma ankabwerera pang'ono kuposa chaka chatha, ndipo atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mayi Matulova, amene sankayamikira ndi mwana wa mfumu yemwe, ananong'ona pa tebulo langa la tiyi kuti chaka chino chikho chikhoza kutsala pakhomo.

Chinali chaka chimene boma lakale linagwa, anthu akuliza makiyi m'misewu poliuza kuti nthawi yake yatha. Cha m'masiku omwewo akuluakulu a masewerawa, kumaiko akutali kumene amakhalako, anagwirizana kuti maeyiti athe. Akuti pa TV sakoma, akuti anthu amagona. Mpikisano wathu wa mu Januwale unali womaliza kukhala nawo. Mayi Matulova sanamubisire Darina. Anamuuza kuti kuli mtsikana wa ku Hungary dzina lake Eniko amene amadumpha ngati chiwala koma maeyiti ake ndi mazira ophwanyika, ndiye Darina akakhala woyamba m'mawa n'kupirira madzulo osagwa, chikho ndi chake. Zikalephereka ulendo uno, chaka chamawa adzapikisana ndi ziwala zokhazokha.

Vendo anali asanaonepo mwana wake akupikisana. Si kuti sankamukonda. Nsapato iliyonse imene mwanayo anavalapo inachokera m'mapapo mwa bambo ake. Iye ankati zinthu zopanda chigoli sazimvetsa, bola mpira wa ndodo wa hoke, koma ine ndimamudziwa kuyambira ali wamamina: ankaopa kumuona akugwa. Kukalabu ya amumgodi ankaonera ana a eni pa TV, akudumpha, akuwerama pomaliza, anthu n'kuwaponyera maluwa. Wake yekha ndiye ankamuthawa. Chaka chilichonse ankalonjeza, chaka chilichonse shifiti inkasintha mwadzidzidzi.

Lamulungu mpikisano usanachitike tinali kudya, Darina analankhula maso ali m'mbale.

"Ababa, ndi Lachisanu m'mawa. Mukapanda kubwera ulendo uno, palibenso china changa choti mudzaone."

Vendo anatafuna nthawi yaitali chinthu chosafunika kutafuna, kenako anati ayesetsa akangotuluka mumgodi. Darina anamuuza kuti kumeneko si ku hoke, palibe kukuwa, palibe kuimba likhweru, munthu amakhala chete ngati m'tchalitchi. Ine ndinawonjezera kuti asambe ndi kuseri kwa makutu komwe, chifukwa kukhala azimayi a ku Austria. Tinamuuza zonse zimene tinaziganiza. Za maluwa palibe anaziganiza. Pakati pa Januwale, chisanu chikung'amba mipope, munthu maluwa angawatenge kuti?

Lachisanulo kunazizira kwambiri, a tawuni anawaza phulusa la malasha m'misewu kuti anthu asaterereke. M'bwalo munali azimayi ochepa atafunda mabulangete, aphunzitsi, ndi majaji. Ana anajambula eyiti woyamba, wosavuta uja, ndipo majaji atawerama n'kuweramuka Darina anali patsogolo pa onse. Eniko anali kutali kumbuyo, akutafuna zikhadabo. Darina anayang'ana kumipando kamodzi, anaona kuti kulibe, n'kupitiriza kupukuta mipeni yake.

Atatsala pang'ono kuyamba eyiti wachiwiri, chitseko cha kwa ine chinatseguka. Analowa Vendo, kumbuyo kwake Gusto mnzake wa pamtima, chimunthu chotalika ngati khomo la tchalitchi, ndipo kumbuyo kwa Gusto shifiti yonse. Anali atasamba, atapesa, m'maso mokha muli mwakuda ngati atsikana odzola. Onse anavala majasi a Lamulungu, ndipo aliyense anali atagwira pamimba ngati ali ndi pakati. Ndinatambasula manja kuti andipatse majasiwo, onse anakana. Ndinaganiza kuti abisa mabotolo a kachasu wa maplamu, ndinamunong'oneza Gusto kuti wamasiye ngati ine asamuiwale. Anangoika chala pamlomo. Amuna amene amaswa miyala pansi pa nthaka anakwera masitepe monyang'ama, anakhala pamzere wakutsogolo, zipewa pa maondo, phee. Palibe anatsokomola, chinthu chimene kwa munthu wa mumgodi ndi chozizwitsa.

Ndinasiya tiyi ndi majasi omwe, ndinakaima pakampanda.

Eyiti wachiwiri anali wovuta, wokhala ndi timfundo ting'onoting'ono kumutu ndi kumchira, pamene mwana amazungulira pamalo ochepa ngati mbale ali chambuyo. Ana ambiri pamenepo ankajambula zinthu zoti mwini wake sangazizindikire. Anaitana dzina la Darina. Malo ake anali pafupi ndi pamene anakhala amunawo, koma iye sanawaone, maso anali pansi. Anaima, anatambasula manja, n'kudzikankha kamodzi. M'bwalo lonse munkangomveka kamluzu ka mpeni pa ayezi. Anazungulira, analowa m'kamfundo n'kutulukamo ngati ulusi, anabwereza, anabwerezanso. Ine sukulu ya zimenezi ndilibe, koma ndinaona mayi Matulova atagwira mtanda wa pakhosi umene zaka zonse za boma lija ankaubisa m'juzi.

Atamaliza anatererekera pambali, anapumira m'mwamba, ndipo pamenepo ndi pamene anaona bambo ake. Anamwetulira ngati ali ndi zaka zisanu.

Vendo anaimirira. Anagwedeza mutu kwa anzake, majasi onse anatseguka, ndipo munalibe mabotolo. Anali maluwa ofiira a m'nyumba yagalasi ya kumgodi, imene ankaifunditsa ndi nthunzi ya m'boila kuti pa tsiku la amayi mu Malichi akazi a m'maofesi adzalandire. Amunawo anali atazula onse. Sanakuwe, sanaombe m'manja, poti anauzidwa kuti kuno ndi kutchalitchi. Anangoponya mwakachetechete, ndi mikono yozolowera fosholo, ndipo maluwawo anagwera pa eyiti wa Darina majaji asanafikepo.

Majaji anaima pomwe anali. Mayi Matulova anagwira kumutu. Komabe zikanathera pamenepo zikanakonzeka, chifukwa duwa ndi lopepuka, munthu wa nsapato zamipeni akanawatola bwinobwino mizere n'kutsala. Koma Vendo anaona nkhope za anthu, anadziwa kuti walakwa, ndipo mlongo wanga ndi munthu woti akatayira supu patebulo sadikira wina kuti apukute. Anadumpha kampanda.

"Ababa, ayi," Darina ananena, koma motsitsa, poti moyo wake wonse anaphunzitsidwa kusakweza mawu m'mawa.

Jombo zake zinali ndi phulusa la mumsewu. Anaponda kumchira kwa eyiti, anasiyapo chidindo chakuda, anapondanso, mwendo unathawa, n'kugwa chafufumimba pakati penipeni. Gusto anaseka, anzake ena anasekanso, chifukwa munthu wamkulu akagwa pa ayezi ndi zoseketsa ndithu. Kenako anaona kuti palibe wina akuseka, anasiya. Vendo anadzuka n'kugwada, anayamba kukwawa uku ndi uku akutola maluwa, kuwapanikiza pachifuwa, maondo ake akupala ayezi. Pamene watola limodzi, awiri ankagwa. Ine ndine munthu amene ndinasekapo pamaliro a amayi anga enieni, wansembe atagwetsera chipewa m'manda, koma m'mawa umenewo sindinaseke.

Mkulu wa majaji anali mayi wamtali wa ku Austria, wa tsitsi la imvi lomangidwa pamwamba. Sanakalipe. Anayang'ana pamene panali eyiti, panali pangotsala phulusa ndi timasamba tofiira, ndipo analamula kuti mwanayo ajambulenso pamalo ena. Lamulo linali limenelo, ndipo linali lachilungamo. Alonda a bwalo anamugwira Vendo m'mikono n'kumutulutsa, akutererekabe, maluwa ali m'manja. Anzake anamutsatira mmodzimmodzi, zipewa zili m'manja, monyang'amabe.

Majaji anamupatsa Darina kanthawi koti apume. Mayi Matulova ankamulankhula pafupi ndi khutu, iye ankangogwedeza mutu, koma maso anali kuchitseko kumene bambo ake anatulukira. Anaima pamalo atsopano, anatambasula manja, n'kudzikankha. Kuzungulira koyamba kunayenda. Kwachiwiri, pa kamfundo ka kumutu, thupi linapendekeka pang'ono, mwendo wa m'mwamba unatsika n'kugunda ayezi. Chiyambireni ndinali ndisanamuonepo akuponda ndi mwendo wachiwiri pa eyiti. Anamaliza ndithu, anawerama kwa majaji mwaulemu, n'kupita kukavula nsapato. Zotsatira zitatuluka anali atatsika pakati pa gulu, kungotsala pang'ono kuti akumane ndi Eniko.

Vendo ndinamupeza panja, pabenchi ya pamalo okwerera basi, maluwa ali pamiyendo akuuma ndi chisanu. Anzake anali atabalalika, kupatula Gusto amene anaima chapatali akuyang'ana mawaya a magetsi ngati awagula. Ndinamupatsa tiyi wothira mowa wa ramu pang'ono. Anagwira kapu osamwa.

"Pa TV amaponya, Etela," anatero. "Onse amaponya."

"Amaponya madzulo, mbuzi iwe."

"Za m'mawazi sanaonetsepo."

Ndipo zinali zoona, sanaonetsepo. Anandifunsa ngati Darina wabwereza bwino. Ndinamuuza zimene zinachitika, chifukwa bodza likanangofika masana. Anaika kapu pansi, analowanso m'bwalo, ndipo palibe mlonda anayerekeza kumuletsa ataona nkhope yake. Anamupeza mayi wa ku Austria uja akumwa khofi. Anavula chipewa, anayamba kufotokoza m'chilankhulo chathu kuti wolakwa ndi iye, kuti mwanayo anachita bwino poyamba, kuti amupatse mamalikisi a poyambawo ndipo iyeyo amutsekere ngati akufuna. Mayiyo sankamva liwu ndi limodzi lomwe, koma anamumvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaitana womasulira n'kunena kuti pepani bambo, sangapereke mamalikisi pa chinthu chimene sanachione. Anamugwira paphewa. Vendo anathokoza, anathokozanso, n'kutuluka chambuyo.

Madzulo ndinaphika supu wa kabichi ndi nyama yofutsa, amene onse awiri ankamukonda. Tinakhala patebulo atatu ngati anthu odikira dokotala. Ndinayesa kuwauza za jaji wa ku Poland amene buluku linamung'ambikira powerama, nkhani imene ndinaipeka pomwepo, koma inafera m'kamwa. Darina anadya pang'ono. Sanalire, sanamenyetse chitseko, ndipo bola akanatero. Anauza bambo ake kuti adye supu asanazizire. Patapita nthawi anaika supuni pansi.

"Majaji sanafikepo," anatero. "Mayi Matulova anali kutali. Amene anamuona pafupi eyiti wanga wofufutika uja ndinu nokha, ababa. Anali bwanji?"

"Zimenezi ine sindizidziwa, mwanawe."

"Ingonenani zimene munaona."

Vendo anayang'ana manja ake. "Ndinaona mzere umodzi. Ndinadabwa, chifukwa ndinakuona ukuzungulira katatu. Inayo ndinaifuna osaipeza. Ndinaganiza kuti mwina ndaifufuta ndi mimba yangayi."

"Ndi pa timfundo pomwe?"

"Paliponse pamene ndinayang'ana."

Darina anagwedeza mutu. Kenako anati chabwino, anatolera mbale, anazitsuka ngakhale linali tsiku langa lotsuka, n'kupita kukasita diresi la mawa. Vendo anandifunsa ndi maso ngati wanenanso zolakwika. Ndinamuuza kuti amalize supu.

Loweruka madzulo bwalo linadzaza, monga linkadzazira nthawi zonse pa za nyimbo. Nkhani inali itazungulira tawuni yonse, ndipo pa tebulo langa aliyense ankafuna ndimufotokozere mmene Vendo anagwera. Mayi wina wa kupositi anandifunsa akuseka ngati lero abweretsa mbatata zoti aponye. Ndinamuthirira tiyi wa dzulo. Vendo anabwera, koma sanalowe. Anaima panja pa chitseko cha kumbuyo, kumene amatayira ayezi wopalidwa, pamene nyimbo imamveka koma munthu saona kanthu. Anandiuza kuti nyimbo ya Darina amaidziwa, poti anaimva kuseri kwa khoma chaka chathunthu, ndiye akamva anthu abuula adziwa kuti wagwa.

Sanabuule. Thumba langa la mbatata linauluka tsiku limenelo. Anadumpha koyamba n'kutera, kachiwiri n'kutera, ndipo kudumpha kumene kunkamugwetsa nyengo yonse anakutera mopepesuka, dzanja litatsala pang'ono kukhudza pansi, koma anaima. Nkhope yake inali yoyera ngati ufa, sankamwetulira monga amawaphunzitsira, ankangochita chinthu chimodzi n'kupita pa china. Pomaliza anthu anaimirira, anaponya maluwa, a mapepala ambiri poti enieni anatha dzulo. Eniko anabwera pambuyo pake, anadumpha ngati pansi pakumuotcha, n'kukhala woyamba pa za nyimbo. Darina anamutsatira pa mamalikisi. Ataphatikiza ndi za m'mawa, chikho chinapita ku Hungary, mtsikana wina wa ku Russia anakhala wachiwiri, Darina wachitatu.

Mayi Matulova anabwera kwa ine maso atafiira n'kunena kuti Darina akanangosunga malo ake a m'mawa, chikho chikanagona kwathu. Ndinawauza kuti mawu amenewo awameze ndi tiyi, mwanayo asawamve. Koma Darina masamu amenewo ankawadziwa kuposa ife tonse. Anakwera pabokosi laling'onolo, analandira kamendulo kake, anamupsompsona Eniko masaya onse awiri, ndipo nyimbo ya dziko la eni itayamba anaima chilili mpaka inatha.

Tinamupeza Vendo pomwe anaima paja, ndevu zitachita chisanu. Darina anamuveka menduloyo m'khosi pamwamba pa jasi n'kunena kuti sanagwe. Vendo anati wamva. Tinayenda atatu kupita kunyumba, iye pakati, atanyamula chikwama cha nsapato chimene mwanayo sankalola munthu wina kuchigwira.

Ayezi wa m'mawa anaupereka kwa anyamata a hoke mwezi womwewo. Darina anayesa nyengo ina imodzi popanda maeyiti. Ankadzuka, kudumpha, kugwa, kudzuka, ntchafu zili bii ndi mikwingwirima, koma tiana ta zaka khumi ndi ziwiri topanda chiuno tinkamudutsa tikuseka. Posankha opita ku Chikho cha Mgodi chotsatira, m'tawuni yake yomwe, sanamutenge. Anapita ku Bratislava kukaphunzira unamwino, ndipo malire atatseguka anawolokera ku Linz, kumene amasamalira okalamba. Amati akundisungira bedi la pawindo, ine ndimamuuza kuti andisungire la pafupi ndi nkhalamba yaimuna yolemera. Bambo ake amawaimbira foni Lamulungu lililonse. Amafunsa za chifuwa, za mankhwala, za nkhuni. Za m'mawa uja sanazitchulepo, ndipo pa ayezi sanapondeponso, ngakhale pamene ana ake anamukakamiza.

Mgodi unatsekedwa, koma chikho chinatsala ndi dzina lake, ndipo ana a maiko ena amabwerabe, tsopano ndi a ku Japan omwe. Vendo sanaphonyepo chaka. Amagula tikiti ngakhale ndimamuuza kuti ndimulowetsa chakumbuyo, amakwera pang'onopang'ono akupumira pa sitepe iliyonse mpaka mzere wa pamwamba penipeni, n'kukhalira manja ake. Saomba, saponya kanthu, mwana akamadumpha amatsinzina. Chaka chatha mayi wina wachilendo amene anakhala naye pafupi anamufunsa kuti mdzukulu wake ndi uti pa anawo.

"Ndilibe pano," anatero. "Wanga anali wa m'mawa."

Mayiyo anayang'ana papepala la mpikisano n'kumuuza mwaulemu kuti agogo, m'mawa kulibe chilichonse. Vendo anavomera kuti kulibedi.